Kumene Njanji Sinafike: Mabuku a Maulendo ndi Maboma Athu a Kum'mawa

Mlendo wochokera kunja akafuna kulemba za ulendo wake m'dera lathu lino la Africa, njira yake timaidziwa asanamange n'komwe chikwama chake chakumsana. Amakwera sitima ya TAZARA ku Dar es Salaam. Amatsika ku Mbeya kuti akaone nyanja ya Ngozi, imene ili m'chidzenje cha pamwamba pa phiri lomwe linaphulika kalekale m'mapiri a Poroto. Akakweranso sitima amadutsa Tunduma ndi Nakonde n'kukatsikira ku Mpika, kumene amafunafuna galimoto yomufikitsa ku Kapishya, kufupi ndi Shiwa Ng'andu, kuti akaviike thupi m'madzi otentha otumphuka pansi. Kuchoka apo ndi Kapiri Mposhi, Lusaka, Livingstone ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya. Ulendo watha, nkhani yathanso.

Malo onsewa ndi okongoladi, ndipo munthu amene wawaona ali ndi ufulu wowatamanda. Koma wowerenga wa ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi akamaliza nkhani zoterezi amatsala ndi funso: nanga kwathu kuno kulibe choti munthu n'kulemba? Yankho langa ndi lakuti vuto silili pa malo. Wolemba za maulendo amaona zimene njira yake yamulola kuona, ndipo njira zimene alendo amatsata sizinalambulidwe ndi olemba mabuku. Zinalambulidwa ndi ofuna mkuwa. Tikafuna kuti Chinyanja chikhale ndi zolemba zakezake za maulendo, tiyenera kuyamba tamvetsa zimene liwiro la ulendo limachita ku maso a wolemba, ndiponso chifukwa chake ifeyo, anthu oyenda kwambiri chotere, sitinalembe za kuyenda kwathu.

Njanji ndiyo imasankha

Njanji yoyamba m'dziko lino inachokera kum'mwera. Inawoloka Zambezi pa mlatho wa ku Victoria Falls mu 1905, inafika ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, mu 1906, ndipo mu 1909 inali itagunda malire a Congo. Inkalondola miyala ya mtengo wapatali. TAZARA nayonso, ya makilomita 1,860, inamangidwa kuyambira 1970 mpaka 1975 ndi thandizo la China chifukwa Ian Smith atalengeza yekha ufulu wa Rhodesia mu 1965, mkuwa wa Zambia unafunika khomo lina lotulukira kunyanja. Njanji zonse ziwirizi zinalambalala Chigawo cha Kum'mawa. Kunoko atsamunda sankafunako mkuwa. Ankafunako fodya, msonkho ndi manja a anyamata.

Kanjanji kochokera ku Mchinji kufika ku Chipata, kosakwana makilomita 30, kanayambidwa mu 1982 n'kudzatsegulidwa mu 2010, ndipo sikanasanduke njira ya anthu apaulendo. Njanji ya Chipata, Petauke mpaka Serenje, imene inalengezedwa mu 2016, ikadali pa mapepala. Choncho mlendo amene walumbira kuti ayenda pa sitima yokha sadzaponda Katete. Mapu a mabuku a maulendo ndi mapu a migodi atavala malaya ena, ndipo wolemba amene sazindikira zimenezi amaganiza kuti wasankha yekha kumene akupita pamene anamusankhira kale ndi Cecil Rhodes ndi Ian Smith.

Zenera la Theroux

Mwa olemba onse a maulendo a pa sitima, wotchuka kwambiri ndi Paul Theroux wa ku America, amene buku lake la The Great Railway Bazaar la mu 1975 linapatsa ambiri chilakolako choyenda ndi kope m'thumba. Kwa ife iye si mlendo wamba. Anaphunzitsa pa sukulu ya Soche Hill ku Malawi kuyambira 1963 mpaka pamene boma la Dr Banda linamuthamangitsa mu 1965, ndipo Chichewa amachilankhula. Mu Dark Star Safari, buku la mu 2002, akufotokoza ulendo wapamtunda wochokera ku Cairo mpaka ku Cape Town. Anakwera TAZARA kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Mbeya, n'kulowa m'Malawi cha ku Karonga.

Luso lake silokayikitsa. Amadziwa kujambula chipinda cha m'sitima, kuchedwa kwake, fungo lake ndi macheza a anthu otopa. Sachita manyazi kunena zimene ena amabisa, monga mkwiyo wake pa mabungwe othandiza amene magalimoto awo oyera amadutsa anthu oyenda pansi osaima. Atafika pa sukulu yake yakale n'kupeza nyumba zitawonongeka ndi laibulale itatha, chisoni chake n'chenicheni, ndipo mphunzitsi aliyense wa kuno amachimva mumtima.

Koma taonani zimene zenera limachita. Munthu wokhala m'sitima amaona mudzi kwa kamphindi: denga laudzu, mwana akubayibitsa, mayi ali ndi mtolo pamutu. Alibe nthawi yofunsa kuti mudziwo ndi wa yani, mtolowo ukupita kuti, mwanayo wachokera kusukulu kapena sanapiteko. Zimene sanafunse amazidzaza ndi zimene anabwera nazo m'mutu. Theroux anabwera ndi chithunzi cha Africa wa unyamata wake, ndipo masamba ambiri a bukuli ndi mlandu woimba Africa wa lero chifukwa chosafanana ndi chithunzicho. Anthu ambiri amene amakumana nawo amalowa m'nkhani kudzachitira umboni kukhumudwa kwake, akatha n'kutuluka.

Umboni wakuti vuto ndi liwiro uli m'buku lomwelo. Atafika ku Nsanje anakwera bwato n'kutsika ndi mtsinje wa Shire kulowera ku Zambezi. Pamenepo nkhani imasintha. Opalasa bwato ali ndi mayina, ali ndi mabanja, ali ndi nzeru za mtsinje zimene mlendoyo alibe, ndipo iye ayenera kudya zimene iwo akudya ndi kugona pamene iwo anena. Masamba amenewo ndiwo abwino koposa m'chigawo chonse cha Malawi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo bwato linamukakamiza kudekha kumene sitima ndi basi zinamumana.

Sitima yomweyo ingathe kulembedwa mwanjira ina. Jamie Monson, m'buku lake la mbiri yakale la Africa's Freedom Railway la mu 2009, anafufuza TAZARA kudzera mwa anthu a m'masiteshoni ang'onoang'ono a ku Tanzania. Anawerenga ngakhale malisiti a katundu kuti aone zimene alimi ndi amalonda ankatumiza. Kwa iye sitima si zenera loonerapo dziko, koma msika woyenda umene umadyetsa midzi. Buku lake si la maulendo, koma likuphunzitsa olemba maulendo chinthu chimodzi: anthu amene mlendo amawaona ngati zokongoletsa siteshoni ndiwo eni ake a sitimayo.

Gamitto ndi milandu ya Amaravi

Tikabwerera m'mbuyo zaka pafupifupi 200 tipeza mlendo amene anayendadi m'dziko la Achewa, ndipo anayenda pang'onopang'ono. Mu 1831 gulu la Apwitikizi lotsogozedwa ndi José Monteiro, wachiwiri wake ali António Gamitto, linanyamuka ku Tete kupita kwa Mwata Kazembe ku Luapula, n'kubwerera mu 1832. Linadutsa dziko la Undi ndi la Mkanda, dera limene lero lagawika pakati pa chigawo cha Tete ndi Chigawo cha Kum'mawa, lisanawoloke Luangwa. Buku la Gamitto, O Muata Cazembe, linatuluka ku Lisbon mu 1854, ndipo Ian Cunnison analimasulira m'Chingerezi mu 1960.

Popeza ankayenda pa liwiro la phazi la wamtengatenga, Gamitto anaona zambiri. Analemba za kasungunulidwe ka chitsulo, za ulimi, za maliro, za kavalidwe, za mphamvu za mafumu ndi za Atumbuka amene ankakhala pansi pa Achewa. Mpaka lero ofufuza mbiri ya Amaravi amatsamira pa iye, chifukwa ndi ochepa amene analemba za dera lino Angoni a Mpezeni asanafike. Apa Gamitto akuposa alendo ambiri a masiku ano: ankafunsa mayina a mitsinje ndi a mafumu n'kuwalemba.

Komabe kuyenda pang'onopang'ono pakokha sikutsegula maso. Chimene chimamuwawa Gamitto kawirikawiri ndi milandu. Gulu lake likafika m'dziko la mfumu, linkayenera kupereka nsalu ndi mikanda, ndipo munthu wake akalakwira mwambo linkalipitsidwa. Iye ankaona zimenezi ngati umbava wochenjera. Wowerenga Mchewa amaona china: dziko lokhala ndi eni, malire ndi malamulo, kumene khamu la alendo onyamula mfuti silingangodutsa m'minda ya anthu ngati likudutsa m'tchire. Mlendo amene lero amalipira viza pa Chanida kapena pa Mwami sanena kuti waberedwa. Ndiponso anthu mazana amene ananyamula katundu wa gululo, ambiri a iwo akapolo a m'minda ya Apwitikizi ya m'mbali mwa Zambezi, amaonekera kwambiri m'bukuli akathawa, akadwala kapena akafa ndi njala. Ulendowo unayenda pa mapewa awo, koma nkhani yake si yawo.

Ndiye tili ndi zilema ziwiri. Wothamanga amaona malo opanda eni. Woyenda pang'onopang'ono koma wodzikuza amaona eni malo ngati chopinga. Onse awiri amalembera anthu akwawo, ndipo ife timangokhala nkhani.

Ife tinayenda, koma tinalemba chiyani?

Palibe angatiuze kuti anthu a Kum'mawa sadziwa ulendo. Angoni atagonjetsedwa mu 1898, kampani ya North Charterland itatenga malo aakulu ndipo msonkho utakhazikitsidwa, amuna a kuno anayamba kuyenda pansi milungu ingapo kudzera ku Tete kapena ku Feira kupita ku Salisbury, kumene ankakutcha ku Halale, ndi ku migodi ya kum'mwera. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia linaika malole onyamula ofuna ntchito mosalipiritsa, amene anthu anawapatsa dzina lakuti Ulere. Ena sanabwerere, ndipo chinenero chathu chinawapezera dzina: machona. Amenewa ndiwo anali oyenda ndi katundu kumsana enieni, kamtolo ka ufa, kampoto ndi bulangete, zaka zambiri alendo a masiku ano asanabadwe.

Nanga ulendo umenewu uli kuti m'mabuku athu? Ulimo, koma wavala chovala cha ulaliki. Mu Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara la mu 1933, mnyamata amachoka kwawo kukafuna ntchito kutali, ndipo zimene amakumana nazo m'njira ndi makwerero omufikitsa ku kutembenuka mtima. Ntara ankadziwa kuona, ndipo moyo wa m'mudzi anaujambula mwaluso. Koma ulendo kwa iye ndi sukulu ya makhalidwe; malo amene Nthondo akudutsa alibe kulemera kwawokwawo. Nyimbo ya Nashil Pichen Kazembe ya A Phiri Anabwera ili ndi mtima womwewo: munthu wapita kutali, wataya zaka, wabwerera chimanjamanja. Timaikonda chifukwa ndi yoona, koma ikutiuza za kubwerera kokha. Zimene a Phiri anaona m'zaka zonsezo palibe anawafunsa.

Chifukwa chake sichovuta kuchipeza. Mabuku ambiri a Chinyanja anadutsa m'manja mwa amishoni, kenaka bungwe losindikiza mabuku la Northern Rhodesia ndi Nyasaland limene linayamba mu 1948, kenaka NECZAM dziko litalandira ufulu. Msika wawo unali sukulu, ndipo buku la sukulu linkayenera kukhala ndi phunziro. Phunziro losavuta kulemba linali lakuti tauni imawononga, kwanu n'kwanu. Choncho woyenda m'nkhani zathu amalangidwa kapena amalapa. Sapatsidwa mpata wongodabwa, wofunsa, woyerekeza nsima ya kwina ndi ya kwawo popanda kuweruza.

Amene anayandikira kwambiri ndi Legson Kayira wa kumpoto kwa Malawi. Mu 1958 ananyamuka wapansi, wopanda nsapato, atanyamula Baibulo ndi buku la John Bunyan, n'cholinga chokapeza maphunziro ku America. Anadutsa Tanganyika ndi Uganda, akugwira maganyu m'njira, mpaka anafika ku Khartoum, ndipo mu 1960 analowa pa Skagit Valley College m'chigawo cha Washington. Buku lake la I Will Try la mu 1965 lili ndi chimene Theroux ndi Gamitto alibe: woyenda wopanda mphamvu pa anthu amene akukumana nawo. Kayira sangagule njira ndi nsalu kapena ndi madola. Ayenera kupempha madzi, kuphunzira moni wa eni dera, kugwira ntchito kuti adye. Anthu a m'njira ndiwo omusunga, ndipo amawalemba moyamikira. Chodandaulitsa n'chakuti analemba m'Chingerezi, ndipo maso ake ali kutsogolo, ku America, kotero kuti midzi yambiri imangodutsa ngati masiteshoni a ulendo wopita kwina.

Madzi otentha a pa Chinyunyu

Kuti tione kusiyana kwa kulemba kwa mlendo ndi kulemba kwa mwini dera, titenge chitsanzo chimene aliyense wokwera basi ya Lusaka kupita ku Katete amachidutsa: akasupe a madzi otentha a Chinyunyu, m'mbali mwa msewu wa Great East m'boma la Rufunsa. Mlendo wa chikwama amalemba kuti anafika, madzi anali otentha, nthunzi inali kukwera, anajambula chithunzi. Ziganizo zimenezi zingakwane pa Kapishya, pa akasupe a ku Nkhotakota, ngakhale pa kasupe wa ku Iceland. Kulemba kumene kungakwane paliponse sikunaone malo alionse.

Wolemba wofatsa angayambe ndi funso la mwana wa sukulu: kodi pansi apa pali moto? Yankho lake ndi nkhani yokoma payokha. Kuno kulibe phiri lophulika ngati a ku Rungwe. Madzi a mvula amalowa m'ming'alu ikuluikulu ya miyala n'kutsika pansi kwambiri, kumene kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse. Akatentha amapepuka n'kukwera msanga ndi mng'alu wina asanazizire. Ming'alu yotereyi ndi yochuluka m'mphepete mwa chigwa cha Luangwa, chimene chinapangika nthaka itang'ambika n'kutitimira, ndipo n'chifukwa chake m'nkhalango ya South Luangwa mulinso akasupe otentha ndi amchere. Nyanja ya Ngozi ndi mbale wake wa nkhani yomweyi: kumeneko, kumpoto kwa nyanja ya Malawi, kung'ambika kwa nthaka kunafika potulutsa chiphalaphala, phiri linakhuthula za m'mimba mwake, pamwamba pake n'kutitimira, madzi n'kudzaza chidzenjecho.

Akatha kufotokoza za miyala, wolemba wathu angatembenukire kwa anthu. Ndani amabwera pa kasupeyu m'mawa, alendo asanadzuke? Amadzachita chiyani? Akuluakulu a pamalopo amati madziwa anayamba bwanji, ndipo pali zoletsa zotani? Ndalama zimene alendo amasiya zimathera m'thumba la yani? Mafunso amenewa safuna digiri. Amafuna chinenero ndi ulemu, ndipo zonse ziwiri tili nazo. Anthu a ku Nkhotakota anatcha malo awo a madzi otentha kuti Mawira. Dzina limodzi lokhalo lanena zimene mlendo amazinena m'ndime yathunthu.

Katete, Sinda ndi Vubwi ngati mayeso

Maboma atatuwa ndi mayeso abwino a wolemba chifukwa alibe zokopa zimene mabuku a alendo amafuna. Kulibe sitima, kulibe nyanja ya pa phiri, kulibe mathithi otchuka. Wolemba sangabisale kumbuyo kwa kukongola kwa malo. Ayenera kuona.

Ndipo zoona zilipo. Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti, ku Mkaika kumasonkhana Achewa a m'maiko atatu kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, pa mwambo wa Kulamba umene unatsitsimutsidwa mu 1984 utakhala zaka zambiri woletsedwa. Nyuzipepala zimalemba za alendo olemekezeka ndi zimene analankhula. Palibe amene watilembera ulendo weniweniwo: lole yochokera ku Dedza kapena ku Angónia, kudikira pa chipata cha malire, ndalama za mitundu itatu m'thumba limodzi, Chichewa cha mbali zitatu chikusekana katchulidwe pa moto umodzi usiku. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, wajambulidwa zithunzi zosawerengeka, koma njira zimene anthu amadzera pobwera kudzamuona sizinalembedwe.

Msewu wochoka pa Katete kupita ku Chanida ndi khomo la ku Tete, ndipo umalondola mbali imene machona ankalowera. Wolemba angauyende lero pa njinga yonyamula anthu kapena pa lole, akufunsa m'midzi kuti ndani anapita ku Halale, ndani anabwerako, anabwera ndi chiyani. Mapiri a Mphangwe ali pomwepo. Phanga la Makwe, limene David Phillipson anakumba n'kulifotokoza m'buku lake la mu 1976 lonena za mbiri yakalekale ya kum'mawa kwa Zambia, lili ndi zojambula pamwala za mtundu umodzi ndi zina za ku Chongoni, malo a ku Malawi amene analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Chipatala cha St Francis, chimene chinayamba mu 1948, chimalandira odwala ochokera kutali, ena a tsidya la malire, ndipo ulendo wa pa ngolo wopita nacho usiku ndi ulendo woposa wa mlendo aliyense wa chikwama.

Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, Sinda atadulidwa ku Katete ndi Petauke, Vubwi ku Chadiza. Kodi malo amasintha bwanji akasanduka boma? Ku Sinda, kumene Chichewa chimakumana ndi Chinsenga cha kwa Nyanje, munthu wa khutu labwino angalembe mutu wathunthu pa kusintha kwa mawu kuchoka pa msika wina kufika pa wina. Ku Vubwi, dziko la Mfumu Pembamoyo lopanikizika pakati pa Malawi ndi Mozambique, malire ndi mzere wa pa mapu umene maukwati, maliro ndi misika zimaudumpha tsiku lililonse. Wolemba woona mtima adzanenanso zowawa: misewu ya m'dzinja, mitengo imene ogula mbewu amapereka kwa alimi, mitengo ya m'nkhalango imene ikuthera m'matumba a makala. Kulemba za kwanu si kukutamanda. Ndi kukuona bwino kuposa mmene mlendo angakuonere.

Zoti titengeko ndi zoti tisiye

Sindikunena kuti alendo a zikwama alibe chotiphunzitsa. Ali ndi khalidwe limodzi labwino: amalemba zinthu zazing'ono molondola. Amanena mtengo wa tikiti, maola amene anadikira, chimene anadya ndi pamene anagona. Olemba athu ambiri amaona zoterezi ngati zosayenera kulowa m'buku, amathamangira ku mwambi ndi ku phunziro. Koma pakapita zaka 50, wowerenga adzafuna kudziwa kuti basi ya Katete kupita ku Chipata inkatenga nthawi yotani ndi kuti nsomba zouma za pa mlatho wa Luangwa zinkagulidwa bwanji. Gamitto timamuwerengabe chifukwa cha tizinthu totere, osati chifukwa cha maganizo ake. Titengenso kwa iwo mtima woyenda popanda chokukakamiza, kungofuna kudziwa. Safunsa anadya phula.

Chimene tiyenera kusiya ndi mndandanda wa zodabwitsa: nyanja, kasupe, mzinda, chithunzi, tiyeni kwina. Ana a sukulu akapatsidwa chimangirizo cha ulendo umene sadzauiwala, ambiri amalemba za Livingstone kapena za Lusaka, ngakhale amene sanapiteko, chifukwa anaphunzira kuti ulendo woyenera kulembedwa ndi wopita kumene alendo amapita. Mwana amene amayenda makilomita angapo tsiku lililonse, kuwoloka dambo ndi kudutsa midzi itatu, amakhulupirira kuti sanayendepo. Apa ndi pamene pali ngozi yeniyeni. Malo amene eni ake amawaona ngati opanda nkhani savuta kuwagulitsa, kuwadula mitengo kapena kuwasintha dzina, chifukwa palibe cholembedwa chonena kuti panali chiyani.

Chida cholembera tili nacho kale. Amene anamvapo Julius Chongo pa pulogalamu ya Poceza m'Madzulo pa wailesi ya Zambia amadziwa zimene Chinyanja chingachite ndi kuyenda. Chongo ankatha kumveketsa phazi pa fumbi, njinga pa mchenga ndi mantha a munthu woyenda yekha usiku pogwiritsa ntchito mawu oyerekeza kamvekedwe ndi kaonekedwe ka zinthu. Ernst Wendland anasunga zina mwa nkhanizo m'mabuku, ndipo wofuna kulemba za ulendo m'chinenero chathu ayambire pamenepo asanatsegule Theroux. Chinenero chimene chimasiyanitsa kuyenda nyang'anyang'a, kuyenda tsimphinatsimphina ndi kungoti zyoli pa mphambano sichingalephere kufotokoza msewu wa ku Vubwi.

Muyeso woweruzira zolemba zoterezi, zathu kapena za alendo, ndi wosavuta. Kodi anthu a m'nkhaniyo akanaiwerenga akanadzizindikira? Kodi wolemba analonjera mfumu ndi eni mudzi, kapena anangolonjera phiri? Kodi tikachotsa dzina la malo n'kuikapo lina, nkhaniyo ingagwe? Ngati singagwe, wolembayo sanafike kumene akuti anafika. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo sitingamuimbe mlandu chifukwa choona zochepa m'mawa umodzi. Koma ife amene timakhala pano dzuwa likakwera tilibe chowiringula. Akonzi a magazini ngati ino apatule malo a nkhani za maulendo a m'Chinyanja, ndipo oyamba kutumiza akhale a ku Kagoro, a ku Nyanje ndi a kwa Pembamoyo, njanji isanabwere kudzatisankhira zoti tione.